Zomwe ndatolako ku maphunziro a Git aja

Moni nonse a m'gulu. Kumaphunziro a masiku awiri komwe munandituma kuja ndabwerako, ndiye ndati ndilembe msanga zisanandithawe m'mutu.

Tsiku loyamba m'mawa inali mbiri chabe, zoti Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za code, anaipanga Linus Torvalds mu 2005 kuti azisamalira code ya Linux, VS Code, pulogalamu yolembera code, ndi ya Microsoft inatuluka mu 2015, izo ndingodutsa. Zenizeni zinayamba masana titatsegula malaputopu.

Mu VS Code ukadina Ctrl+Shift+G kumatseguka mbali ya Source Control, pamenepo fayilo iliyonse yomwe waigwira imaoneka ndi kachilembo, M ndiye kuti wasintha, U ndi yatsopano Git sakuidziwa, D wafufuta. Ukaidina imaonetsa yakale kumanzere yatsopano kumanja, zofiira zachoka zobiriwira zalowa. Wotiphunzitsa anakakamira pomwepa mpaka tinatopa naye, akuti usanakomite, kutanthauza kusunga zosintha zako mu mbiri ya Git ngati commit, werenga kaye mzere ndi mzere zomwe wasinthazo. Ine mumtima ndimati bambowa akutitayitsa nthawi, koma nditayang'ana zanga ndinapeza ma console.log atatu, mizere yongoyesera code, omwe ndinaiwala kuchotsa, ndiye pansi pake fayilo ya .env momwe muli pasiwedi ya database ili phee pamndandanda kudikira ulendo. Manyazi ake inu! Pompo ndinailemba mu .gitignore, fayilo youza Git zoti isamatenge. Akuti .env ikangokomitidwa n'kupushidwa, ndiye kuti kutumizidwa komwe anzako angaione, kuifufuta mawa sikuthandiza chifukwa mu mbiri imakhalamobe, chotsala n'kusintha pasiwedi basi.

Ka + kali pambali pa fayilo ndi kosteja, kusankha zoti zilowe mu commit imeneyo. Koma samalani, moyandikana nako pali kamuvi kokhota ka Discard Changes, kameneko kamataya zonse zomwe sunasteje mu fayiloyo, mnzanga wina amene tinali naye tebulo limodzi anavomera osawerenga ntchito ya ola lathunthu inapita. China chomwe sindimachidziwa n'choti utha kusteja mizere ingapo yokha, umaisankha kenako Stage Selected Ranges, ndiye ngati wakonza bug, cholakwika cha mu code, komanso wasintha mtundu wa batani mu fayilo yomweyo amatuluka ma commit awiri osiyana. Ukadina Commit usanasteje kanthu VS Code imafunsa ngati itenge zonse, ndipo pali batani la Always. Ine ndikuti limenelo tisamalikhudze, .env yanga ija ikanapita choncho.

Pa uthenga wa commit ndi pomwe ndinakumbuka ife. Mbiri ya pulojekiti yathu yangodzaza "update", "update2", "zatheka", ndani angadziwe kuti chinatheka n'chiyani pakatha miyezi itatu? Chizolowezi cha ambiri n'choti mzere woyamba usapyole zilembo 50 ndipo unene chomwe chasintha, ngati pali chifukwa chofunika kufotokoza umadumpha mzere umodzi n'kulemba pansi. Ukamaliza Ctrl+Enter.

Komanso kukomita si kupusha ayi, enafe timasokoneza. Commit imatsala mu kompyuta yako, anzako sangaione mpaka upushe, ndipo batani la Sync Changes limayamba lakoka za anzako kenako n'kutumiza zako. Ukalakwitsa usanapushe pali Undo Last Commit pa timadontho titatu ta pamwamba pa Source Control, zosinthazo sizitayika zimangobwerera pamndandanda. Ukapusha kale zisiye, konza ndi commit ina.

Za merge conflict, pomwe anthu awiri asintha mzere womwewo mosiyana, tsiku lachiwiri tinangonunkhizako, nthawi inathera mafunso.

Pempho langa ndi ili, tisanakumanenso aliyense aike dzina ndi imelo yake, user.name ndi user.email, mu makonzedwe a Git otchedwa git config kuti commit iliyonse izioneka mwini wake, ndipo zotumizirana ma zip pa WhatsApp zija zithe. Mubwere ndi malaputopu, ndidzaonetsa za kusteja mizere zija pa pulojekiti yathu yomwe.