Foni ikumbutse mankhwala, koma isakhale dokotala

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhulepo za ma app a zaumoyo amene ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite adzaza m'mafoni mwawo: owerengera masiku a msambo, okumbutsa kumwa mankhwala, ndi ena amene amati amachepetsa nkhawa. Sitikuwakana ayi. Kukumbutsa ndi kusunga zimene mwalemba, foni imatha bwino. Kuyeza munthu ndiye siitha, ndipo ophunzira ambiri akupunthwa chifukwa choipatsa ntchito imeneyi.

Tiyambe ndi msambo. App siona zimene zikuchitika m'thupi. Imangotenga masiku amene mudailembera miyezi yapitayi n'kulosera za mwezi uno. Njira yowerenga masiku imene azaumoyo amaphunzitsa, ya mikanda ija, ndi ya mkazi amene kuchokera tsiku loyamba kusamba kufika tsiku loyamba la msambo wotsatira pamadutsa masiku 26 mpaka 32, mwezi ndi mwezi. Iyeyo amapewa kugonana kosadziteteza kuyambira tsiku la 8 mpaka la 19, masiku 12 athunthu. Koma ma app ambiri amangopaka utoto masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, otsalawo n'kuoneka ngati mulibe chiopsezo. Chonsecho nkhawa ya mayeso, malungo ngakhale kuonda chifukwa chosadya mokwanira zimasuntha tsiku lotuluka dzira, pamene umuna umakhala wamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu. Mimba zina za pakati pa semesita zimalowera pamenepa. App yotere ikuthandizeni kudziwa nthawi yogula mapadi komanso kuonetsa anamwino mmene msambo wayendera miyezi itatu yapitayi, basi. Ngozi ikachitika, mapiritsi olera a pangozi amagwira bwino akamwedwa msanga, m'masiku atatu oyamba, ndipo asanu asapitirire. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe ndipo amamwedwa masiku 28. Kalendala ya pa foni siidziwa kalikonse za HIV.

Pa kukumbutsa mankhwala ndiye foni ndi bwenzi. Tengani LA wa malungo. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba pompopompo, kachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira, ndipo amalowa bwino m'thupi mukadyera kamkaka kapena chakudya cha mafuta pang'ono. Wophunzira akaona kuti mutu wasiya tsiku lachiwiri, amathamangira kukalasi, mapiritsi otsala n'kuiwalika m'thumba la buluku. Tcherani ma alamu asanu otsalawo mudakali pa windo lolandirira mankhwala. Chimodzimodzi mapiritsi olera a mphamvu imodzi, amene safuna kuchedwa kupitirira maola atatu, ndi jakisoni wa Depo wa miyezi itatu: lembani tsikulo mu kalendala, foni ilire kudakali sabata.

Vuto lake ndi lakuti mafoni ambiri a Android, makamaka otsika mtengo, amatseka okha ma app amene sakugwiritsidwa ntchito pofuna kusunga batire. Ikatsekedwa, app siikumbutsa. Yesani motere: tcherani kuti ikukumbutseni pakatha mphindi 20, zimitsani sikirini, foni muiike pansi osaikhudza. Ikapanda kulira, lowani mu Settings, pa Battery, muichotse app imeneyo pa gulu la zotsekedwa. Kapena ingogwiritsani ntchito alamu yobwera ndi foni, imene siifuna bandulo kapena netiweki. Magetsi akazima tsiku lonse batire n'kutha, kapepala komata mkati mwa chitseko cha loka kamagwirabe ntchito.

Tsono ganizirani chipinda cha ku hositelo, anthu anayi, mafoni onse pa ekisitenshoni imodzi. 8 koloko ikakwana, sikirini ya wina ikuwala: "Imwani ma ARV". Kukamacha nkhani yafika kale ku kafiteriya. Pali achinyamata amene angalolere kudumphitsa mankhwala kusiyana ndi kuonedwa choncho. Alamu muipatse dzina limene mukulimva nokha, monga "Tiyi" kapena "Imbira amayi", ndipo pa Notifications musankhe kuti mauthenga asamaoneke foni ikakhala yokhoma.

Chinsinsi chimathawiranso kwa eni app. Ku America, bungwe la boma la Federal Trade Commission lidadzudzula kampani ya Flo mu 2021 chifukwa chopereka zokhudza msambo ndi mimba za ogwiritsa ntchito app yake ku makampani monga Facebook ndi Google, ndipo mu 2023 BetterHelp, ya uphungu wa pa intaneti, idavomera kulipira madola 7.8 miliyoni pa nkhani yofanana nayo. Kuno tili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, la Data Protection Act la 2024, koma kampani ya kutsidya kwa nyanja mukaigwira bwanji? Chotero musanadine povomera, onani zimene app ikupempha. Yowerenga masiku a msambo ilibe chochita ndi manambala a anzanu, zithunzi zanu kapena ma SMS, momwe mulinso mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba. Kanani, ndipo musalowe pogwiritsa ntchito Facebook. Popita ndi foni kwa okonza kapena poigulitsa, yambani mwatulukamo n'kufufuta.

Za ma app amene amati amayeza BP kapena kutentha kwa thupi mukaika chala pa sikirini sitichulukitsa gaga m'diwa: afufuteni. Thupi likatentha pitani akakubayeni chala, zotsatira za malungo zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20.

Mbali yolemera ndi ya maganizo. Ma app ambiri amafunsa mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9, okhudza masabata awiri apitawa. Funso lililonse lili ndi mapointi 0 mpaka 3, onse pamodzi 27, ndipo kuyambira 10 kupita m'mwamba munthu akaonane ndi azaumoyo. Koma funso lomaliza, lofunsa ngati mumaganiza kuti bola kufa kapena kudzivulaza, silidikira kuwonkhetsa. Yankho lililonse loposa 0 likufuna munthu wolankhula naye tsiku lomwelo. Apa app yakunja imakupatsani 988, nambala ya ku America. Komanso ife sitidandaula ngati Azungu. Timati "mutu sukuyenda", "ndikungoganiza kwambiri", "ndatopa nazo". Mnzake wa m'chipinda amamva kulemera kwa mawu akuti "ndatopa nazo", pamene makina oyankha okha akhoza kungomulangiza kuti agone msanga. Ndipo amene wagona ndi njala ngongole ya sukulu itachedwa, kupuma mokoka mpweya sikungamukhutitse.

Manambala osunga m'foni ndi a kuno: 929 ya Chipatala cha pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011, ndi 116 ya Tithandizane ya YONECO, yothandiza ana ndi achinyamata. Onsewa ndi aulere ndipo amayimbika ngakhale pa foni ya mabatani. Wofuna thandizo la matenda a maganizo ayambire pa kiliniki ya pa sukulu kapena chipatala cha boma cha m'boma lake. Kulinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Kwa akuluakulu oona za ophunzira m'makoleji pempho lathu ndi ili: musanatchule app iliyonse pa sabata yolandira ophunzira atsopano, anamwino anu ayambe aiyesa pa foni yotsika mtengo, data itazimitsidwa, aone ngati ikukumbutsadi, zimene ikupempha ndi nambala imene ikupereka kwa munthu amene wasweka mtima. Kenako sindikizani kuseri kwa chitupa cha wophunzira aliyense manambala awiri aja, pamodzi ndi ya namwino kapena mlangizi amene amayankha foni usiku.

Ogwira ntchito zaumoyo pakati pa achinyamata,
Lilongwe