Anaconda yathu yaswa

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, mayi ndi ana omwe. Pepa kuti ndinangoti zii miyezi yonseyi. Mtima wanga unali pa njoka ija ndinakuuza chaka chatha, anaconda yaikazi imene ndimasamala kuno ku England, kumalo osungirako nyama kumene ndimagwira ntchito. Lachiwiri usiku yaswa, ndipo ndati ndikuuze iwe poyamba.

Ndikudziwa ufunsa kuti mazira ake anali angati, poti ife tinakulira nsato, imene imaikira mazira n'kuwazinga mpaka aswe. Anaconda siitero ayi. Mazira amakhalira m'mimba momwemo, ndipo ana amatuluka amoyo, kawirikawiri m'madzi. Nditafika m'mawa ndinapeza dziwe lake lachita matuwituwi, tiana tili pikitipikiti m'mbali, tina titangotulutsa mphuno pamwamba pa madzi. Tinawerenga 23, koma tinayi tinabadwa takufa. Kamodzi ndinakanyamula: kutalika ngati mkono wanga, masentimita pafupifupi 70, kobiriwira ngati ndere, madontho akuda ali mbwee kumsana. Kanandiluma chala pomwepo! Palibe kuyamwa, palibe kuleredwa, kamangobadwa kodziwa kale kusambira ndi kudziteteza.

Anzanga onse maso ali pa ana, koma ine chimene chikundigwira mtima ndi make. Taganiza, bere lake ndi la miyezi 6 kapena 7, ndipo nthawi yonseyo njokayi inakana chakudya. Ndinkaiikira kalulu, iyo n'kungomununkhiza ndi lilime, n'kutembenukira kumbali. Tsiku lonse inkakhala pansi pa nyale yotenthetsera, chifukwa ana m'mimbamo amakula ndi kutentha kumene make wawotha. Kunoko kumazizira koopsa, choncho m'mawa uliwonse ntchito yanga yoyamba inali kuyeza madzi kuti asatsike pa madigiri 28. Nyale itazima usiku wina sindinagone. Lero ukaiona ungamve chisoni: khungu lachita makwinya m'nthiti monse, msana watuluka. Yaikazi ikaswa imatha kutaya ngakhale theka la kulemera kwake, n'chifukwa chake kutchire simaswa chaka chilichonse. Mazira amene sanagwire inawameza yokha m'dziwemo, ndipo tinaisiya, poti ndi mmene imayambira kubweza mphamvu.

Kwawo kwa njokazi ndi ku South America, m'madambo a mitsinje ya Amazon ndi Orinoco. Katswiri wina wa ku Venezuela, Jesús Rivas, anazitsatira zaka zambiri m'zigwa za Llanos, ndipo ndi iye anafotokoza bwino za kukwerana kwake. M'chilimwe madzi akaphwa, yaikazi imatulutsa fungo, amphongo n'kumabwera mmodzimmodzi. Amatha kufika 13 pa yaikazi imodzi, onse atazingana ngati nkhata, mpaka milungu inayi osalekana. Yamphongo ili ndi tizikhadabo tiwiri pafupi ndi mchira, timene imakandira nato yaikazi poinyengerera. Yamphongo ndi yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi yaikazi, ndipo nthawi zina yaikazi imaidya zikatha zonse. N'chifukwa chake ife tisanaziphatikize tinayamba tadyetsa yaikazi mpaka kukhuta, tinaika amphongo awiri okha, ndipo titaona kuti zatheka tinawachotsa msanga.

Pali china chimene sungakhulupirire. Mu 2019 ku New England Aquarium, mumzinda wa Boston ku America, anaconda yotchedwa Anna inaswa isanakhalepo ndi yamphongo. Ana ambiri anabadwa akufa, awiri okha ndiwo anakula, ndipo atawayeza DNA anapeza kuti ndi ya make yokhayokha. Zoterezi zinachitikanso mu 2014 ku West Midland Safari Park konkuno. Yathuyi ayi, abambo ake tikuwadziwa kuti ndi mmodzi mwa awiri aja.

Komabe nkhawa ndili nayo. Kuswetsa anaconda m'khola si nkhani yongosangalalira. Tiana 19 timeneti, taikazi tidzafika mamita anayi kapena asanu, ndipo m'khola njoka yotere imatha kukhala zaka zoposa 20. Kodi adzatisunga ndani tonseti? Ine ndinanena pamsonkhano kuti tisadzaswetsenso tisanapeze kotipititsa, ndipo sindisintha maganizo.

Pakadali pano kalikonse kali m'bokosi lakelake ndi kabeseni ka madzi. Tianati sitidya mpaka titafundula koyamba, ndiye ife tikudikira. Make ndidzamuyesa ndi kalulu Loweruka. Akadzangolandira ndidzakutumizira chithunzi pa WhatsApp, ngakhale utakhala usiku.

Undiperekere moni kwa mayi, uwauze kuti chala chija chapola.

Ndine mnzako wa kalekale.