Ukapite kwa azakhali ndi kope

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako yandipeza Lachiwiri, itayenda milungu isanu. Ndaiwerenga katatu. Masamba awiri athunthu ukundisimbira za mbuzi ya alamu ako imene inatha ndiwo m'dimba la abusa, mpaka mtundu wa chingwe chimene inadula, koma zoti mwana wako wasankhidwa kupita ku yunivesite wangozipachika m'mbali mwa pepala ngati nkhani yobwereka mchere. Iwe sudzasintha! Umuuze mtsikanayo kuti mayi ake aang'ono anaimba nthungululu m'khitchini mpaka anthu a nyumba yoyandikana anamva. Ndidzatumiza kangachepe ka bulangeti ndi chikwama mwezi ukatha. Za mbuziyo, alamu ako angolipira, asatopetse amfumu.

Ukudandaula kuti ndakhala chete chiyambire Pasaka, ukuti mwina ndayamba matama. Ayi mnzanga. Ndakhala ndili kumanda. Usagwire pamtima, palibe amene watisiya. Ndikufotokozera.

Apongozi anga akwanitsa zaka 84, ndipo chichitireni opaleshoni ya chiuno akukhala nafe. Usiku wina ndikuwapaka mafuta kumapazi anandiuza kuti pali chinthu chimodzi chimene chikuwasowetsa tulo. Mayi awo, omwe anali mzime kwawo, ankakonda kunena kuti "tinabadwa ambiri", kenako n'kukhala duu. Iwo anawadziwa anayi okha: mayi awowo, amalume awiri ndi mayi aakulu mmodzi. Enawo anali angati, mayina awo anali ati, anagona kuti? Maso awo saonanso zilembo zing'onozing'ono, bambo a kunyumba kuno amabwera usiku atatopa, ndiye ntchitoyo inagwera ine, mkamwini wamkazi wochokera ku Dedza.

Kuno ku America boma limachita kalembera zaka khumi zilizonse, kuyambira 1790. Mapepalawo sawataya. Amawatsekera zaka 72, kenako amawatsegula kuti aliyense awerenge, mayina ndi zonse. A kalembera wa 1950 anatsegulidwa mu April 2022. Ndinayambira pamenepo, pa tsamba la pa intaneti lofufuzirapo za makolo lotchedwa FamilySearch, chifukwa kumeneko salipiritsa. Nditakulitsa tsambalo pa kompyuta, apongozi anaona dzina lawo: mwana wamkazi, zaka 9. Anaika chala pagalasi osachichotsa. Kenako anayamba kutsika nacho mzere ndi mzere, chifukwa wolemberayo ankayenda khomo ndi khomo motsata msewu, choncho anthu ali papepalapo monga mmene nyumba zawo zinandondozanira. "Awa ndi amene ankatigulitsa mazira. Awa mwana wawo anamira. Awa anali ndi galu wolusa." Mudzi wonse unadzuka m'chipinda chathu chochezera. Tinagona cha m'ma 1 koloko.

Kuchokera apo ndinkabwerera m'mbuyo: 1940, 1930, 1920, 1910. Kalembera aliyense ali ndi mafunso ake. Wa 1930 anafunsa ngati pakhomopo pali wailesi, ndipo kwa makolo a apongozi kunalibe. Chimene chinandivutitsa kwambiri ndi amayi. Kwathu Naphiri ndi Naphiri, akwatiwe ku Mchinji kapena ku Nsanje, mfunda wake amafa nawo. Kuno mkazi akakwatiwa dzina la kwawo limazimirira m'mapepala, amatuluka tsamba lotsatira atavala la mwamuna. Kuti ulumikize mtsikana wa m'kalembera uyu ndi mayi wa m'kalembera winayo, uyenera kupeza kaundula wa maukwati ku likulu la county (dera longa boma la Dedza kwathu), ndipo tinapitadi ku Maynardville kukaufuna. Zaka nazo sizigwirizana. Agogo a apongozi ali ndi zaka 19 mu 1880, koma mu 1900 ali ndi 37. Dzina lawo lalembedwa m'njira zitatu, chifukwa wolembera ankalemba mmene wamvera, ndipo nthawi zina woyankha anali mwana kapena munthu wa khomo lina. Ndinakumbuka agogo ako akuuza anthu a kalembera kuti "ndinali ndi mwana kumbuyo pa njala ya 1949, zinazo werengani nokha".

Tsono mvetsera apa. Kalembera wa 1900 anafunsa mayi aliyense mafunso awiri: mwabereka ana angati, ndipo amoyo ndi angati? Pamzere wa agogo aja palembedwa 9, pambali pake 4. Manambala awiri okha, m'timabokosi tochepa ngati chikhadabo. Ndinakhala ndikuwayang'ana mpaka tiyi anazizira. Munthu anaima pakhomo pake ndi buku, n'kumufunsa, iye n'kuwerenga ana ake asanu akufa pamaso pa mlendo, mwina ali ndi ufa m'manja. Wolemberayo n'kupita khomo lina.

Mmodzi mwa asanuwo ndinamupeza mu 1880: wachisamba, wamkazi, zaka zake zalembedwa 4/12, kutanthauza miyezi inayi. Apongozi anali asanamvepo dzina limenelo. Anayi enawo anabadwa n'kumwalira pakati pa 1880 ndi 1900, ndipo kalembera amene akanawagwira, wa 1890, anawonongeka pafupifupi yense ndi moto ndi madzi ozimitsira motowo ku Washington mu January 1921. Boma la Tennessee, chigawo cha makolo a apongozi, nalo linayamba kulemba imfa m'chigawo chonse mu 1908. Ndiye ana amenewa palibe pepala la boma limene linawaona. Aliyense amene amafufuza za makolo kuno amafika pa dzenje la 1890 limeneli n'kuusa moyo.

Patsala manda. Koma manda a kuno ali ndi nkhani yawonso. Pamene bungwe la boma loona za madamu ndi magetsi lotchedwa TVA linkamanga damu la Norris, lomwe linatha mu 1936, mabanja pafupifupi 3,000 anasamutsidwa m'zigwa za mitsinje ya Clinch ndi Powell, ndipo manda oposa 5,000 anafukulidwa n'kukaikidwa kumtunda. Kamudzi ka Loyston, kumene makolo a apongozi ankagula mchere ndi palafini, kali pansi pa nyanja lero, anthu akuyendetsa maboti pamwamba pake. Taganiza, kufukula mudzi wonse wa akufa! A TVA ankalemba manda amene asuntha, ndipo agogo aja ndi amuna awo ndinawapeza, chithunzi cha mwala wawo chilinso pa tsamba la pa intaneti la manda lotchedwa Find a Grave. Koma ana asanu aja panalibe.

Amene anatithandiza ndi mdala wina wa kutchalitchi kwathu, wosaka agwape. Anati banjalo lisanatsikire kuchigwa linkalima pachitunda, pamene madzi sanafike. Anati, "Mukaona m'nkhalango kachitsamba koyanga pansi kamasamba obiriwira chaka chonse, pamodzi ndi mitengo yonga mkungudza, dziwani kuti mwaponda pamanda." Kachitsambako amakatcha periwinkle, anthu akale ankakabzala pamitumbira, ndipo kamakhalabe ngakhale nyumba ndi mipanda zitatha kalekale.

Tinapita Loweruka lina mu May. Apongozi anatsala m'galimoto kumunsi, zenera lotsegula. Ife tinakwera pafupifupi ola lathunthu. Mnzanga, miyendo inkandikana. Ukudziwa mmene tinakulira: kumanda sulowako wamba, mpaka amfumu alole, adzukulu atsogole, ndipo pobwerako umasamba m'manja. Ine ndinali kulowa m'manda a eni, popanda maliro, nditanyamula tochi ndi botolo la madzi. Ndinaima m'mphepete n'kuomba m'manja katatu chamumtima, n'kunena m'Chichewa kuti "zikomo eni mudzi, ndatumidwa ndi mdzukulu wanu". Bambo a kunyumba anandiyang'ana koma sanafunse.

Kachitsamba kaja kanali ponseponse, kali ndi timaluwa ta buluu. Pansi pake nthaka inali yolowalowa, timaenje tatitali ngati mphasa yopinda. Kumutu ndi kumiyendo kwa dzenje lililonse kunali mwala wamba wa kumunda, wongoimika, osati chiliza. Onse mitu kumadzulo, kuti tsiku louka adzayang'ane kummawa. Chakumapeto kunali mzere wa timaenje tating'ono. Ndinawerenga: asanu. Kakang'ono kwambiri ndinayeza ndi dzanja, kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala, n'kuwonjezera pang'ono. Miyala inayi inali yosalala, yopanda kanthu. Wachisanu tinauwalitsa ndi tochi chammbali, chifukwa ukaunika chamaso suona kanthu, koma kuwala kukadzera m'mbali tizilembo timatuluka ndi mthunzi wake. Panali zilembo ziwiri zokanda ndi msomali kapena mpeni, zoyamba za dzina la wachisamba uja, ndi chaka: 1886. Chilembo chimodzi chinatembenuzika. Bambo wosadziwa bwino kulemba anakhala pansi n'kukanda mwala wa mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Kunena zoona, sindingalumbire kuti anayi enawo ndi abale ake, miyala siyankhula. Koma apongozi nditawaonetsa zithunzi pafoni anangoti, "Ndi iwowo," n'kutseka maso. Anandifunsa ngati ndawathyolera kachitsamba kaja. Ndinali nditaopa, kwathu sitichotsa kanthu kumanda. Bambo a kunyumba anakweranso okha kukathyola, ndipo pano kamera m'chitini pawindo la chipinda chawo. Kuno kumapiri ali ndi mwambo wotchedwa Decoration Day: chaka chilichonse mbumba yonse imakumana kumanda, kulambula, kuika maluwa, kuimba, kenako kuyala chakudya n'kudyera pompo. Chaka chamawa akuti tidzakwera tonse ndi makasu. Zodyera kumandazo mtima wanga sunazivomerebe.

Nkhupakupa za m'nkhalango imeneyo usanene! Ndinachotsa zinayi, ina kuseri kwa bondo, pakuyabwabe mpaka lero. Ufa umene ndinagula mwezi watha ndi wachikasu, nsima yake imamata m'manja, ndipo uja woyera wakwera mtengo kawiri chaka chino. Utaka uja unalonjeza pa Khirisimasi uli kuti? Kapena mbuzi ya alamu ako inadyanso umenewo? Ntchito ndasintha, tsopano ndili kuchipatala cha pafupi, usiku katatu pa mlungu.

Pali mayi wina wachikuda amene ndimakumana naye ku laibulale ya mbiri yakale ku Knoxville. Iye wafufuza zaka zambiri kuposa ine, koma amafika 1870 n'kuima. Kalembera wa chaka chimenecho ndi woyamba kulemba mayina a anthu amene anali akapolo. Mu 1850 ndi 1860 ankalembedwa pamndandanda wapadera, pansi pa dzina la mbuye wawo: zaka, mwamuna kapena mkazi, khungu, basi. Anandionetsa mzere wina, wamkazi, zaka 14, n'kunena kuti mwina ameneyu ndiye gogo wake wa agogo ake. Kenako anandigwira dzanja n'kunena kuti ine ndili ndi mwayi, ndikudziwa mudzi wanga, ndikudziwa makolo anga onse.

Mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalata ino. Ndinabwera kunyumba, ndinatenga pepala kuti ndilembe bere lathu. Amayi. Agogo. Mayi awo a agogo... cholembera chinaima. Ndikudziwa kuti anali Nabanda, kuti anachokera cha ku Mozambique kudzera ku Ntcheu, basi. Dzina lawo lenileni sindilidziwa. Banja la eni ndalitsata mibadwo isanu, ndi zaka ndi minda yomwe, koma langa landithera pa wachitatu. Agogo anabereka angati? Ndimamva kuti khumi ndi mmodzi, ndinaona asanu ndi mmodzi. Ena anapita asanatuluke m'chikuta, anaikidwa ndi amayi okhaokha, opanda mwala, opanda nyimbo. Ndani akudziwa pamene anagona? Kwathu buku lathu linali anthu: amalume, eni mbumba, agogo pamoto madzulo. Amalume anapita. Amayi anapita. Atsala azakhali okha, ndipo mu kalata yakoyi walemba mongodutsa kuti ayamba kuiwala anthu, anakutcha dzina la malemu amayi ako. Mzere umenewo wandidwalitsa. Usiku ndimadzuka n'kumawerenga pa zala. Ndimaganiza za ana anga, amene Chichewa chawo chimathera pa "zikomo" ndi "ndakhuta". Tsiku lina mdzukulu wanga adzatsegula kalembera wa 2020, mu 2092, adzandipeza ndili mzere umodzi, dzina la mwamuna wanga, ndipo kumbuyo kwanga kudzakhala mdima wokhawokha ngati wa mayi wa ku Knoxville uja. Ndipo ine ndidzagona kuti? Pachitunda cha eni, pansi pa periwinkle, kapena pansi pa mitengo ya kwathu pafupi ndi amayi? Nkhani imeneyi sindinaiyambe ndi bambo a kunyumba, ndikangoti ndiyambe pakhosi pamatseka.

Ndiye ndikukupempha, ndagwada. Sukulu ikatsekera, kwera minibasi upite kumudzi. Ugule kope lachikuto cholimba, osati timakope tako tija timene umalembamo ngongole za mandasi. Utenge shuga, sopo ndi chitenje, ndalama ndikutumizira Lachisanu. Upite m'mawa, mutu wawo umakhala bwino dzuwa lisanakwere. Usawafunse ngati wapolisi, ndimakudziwa iwe ndi mafunso ako a m'kalasi. Ukhale nawo pamkeka, uzisenda nawo mtedza, uyambe ndi nyimbo za chinamwali chawo, mayina adzabwera okha. Ulembe onse, ndi akufa ali makanda omwe, ndi mayina a paubwana, ndi midzi imene anakwatiwako. Akanena chaka cha dzombe kapena cha njala, ulembe momwemo, usasinthe. Foni uitsegule izijambula mawu. Ukapemphenso amfumu kuti mmodzi mwa adzukulu akulozere mitumbira ya kwathu, ujambule papepala kuti uwu uli pafupi ndi mtengo uti. Abambo a mapasa angakuperekeze, iwo ndi amene anakumba nawo a amayi.

Usanene kuti udzapita pa Khirisimasi. Azakhali sangadikire mvula.

Pepala latsala pang'ono ndipo apongozi akuitana, nthawi ya mankhwala yakwana. Moni kwa alamu ako, kwa aphunzitsi athu a masamu ngati akadali moyo, ndi kwa onse a kwaya. Chinanso, ukafika uwafunse azakhali za mlongo wawo wa agogo amene anapita ku migodi ku Joni osabwerako, chifukwa ndikukumbuka amayi ankati anasiya mwana kumeneko.