Lipoti la msonkhano wa kuphunzitsa anamwino ndi azamba pa foni ndi pa kompyuta

Amayi Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Munandituma kuti ndikamve zimene anzathu akuchita pophunzitsa kudzera pa foni ndi pa kompyuta. Msonkhanowo unachitika kuno ku Lilongwe kwa masiku awiri. Kunali aphunzitsi a m'makoleji a boma ndi a CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), akatswiri a makompyuta ndi ophunzira angapo. Ndabwerako ndi ganizo limodzi loti tilikambirane mofatsa: zofotokozafotokoza za pa bolodi tizipereke ku foni, kuti nthawi imeneyo tizikhala ndi ophunzira pa zidole zophunzirira ndi m'mawodi.

M'mawa wa tsiku loyamba tinakumbutsana za 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, tonse tinathawira ku WhatsApp ndi Zoom. Wophunzira wa ku Area 25 ankalowa m'kalasi, wa kumudzi ali paulendo wokatchajitsa foni kumsika, bandulo n'kumuthera phunziro lili pakati. Izi mukuzikumbukira, sindichulutsa.

Chimene chinandigwira mtima chinachitika masana. Mphunzitsi wina wa uzamba anationetsa mmene amaphunzitsira kutsitsimula mwana wobadwa wosapuma. Anajambulitsa kavidiyo kakafupi, iye mwini ali pa chidole cha NeoNatalie: kupukuta mwana, kumusisita kumsana, kuvundikira masiki pakamwa ndi pamphuno, kufinya ambubagi (kathumba kopopera mpweya) n'kuyang'ana ngati chifuwa chikukwera. Ophunzira ake amakaonera ku hositelo mobwerezabwereza, n'kuyankha timafunso pa Moodle, pulogalamu yophunzirira pa foni ndi pa kompyuta. Kukacha salowanso m'kalasi, amalunjika pa chidole, mphunzitsi wotchi ili m'manja, pakuti ndondomeko ya Helping Babies Breathe imafuna kuti mwana akhale akupuma kapena akupumitsidwa mphindi yoyamba isanathe.

Kenako anatiuza kuti tiyese tonse. Ndinaona aphunzitsi a zaka zambiri pantchito mpweya ukuwapulumuka m'mbali mwa masiki, chifuwa cha chidole chili zii. Vidiyo tinali titangoionera kumene, koma amene anakonza vutolo ndi mayiyo, pogwira chala cha munthu n'kuchisunthira pachibwano. Ndinamufunsa kuti mpata woyendera wophunzira aliyense chonchi amaupeza kuti, anati ndi maola aja ankathera pa bolodi. Ndikulakalaka wophunzira wathu azikafika ku leba wodi ya pachipatala cha Bwaila manja ake atazolowera chotere.

Za bandulo, akatswiri anati tisamangire chilichonse pa makalasi a Zoom. Moodle ya pa foni imalola kukopera phunziro kamodzi n'kumaliwerenga popanda intaneti, ndipo seva ikaikidwa pakoleji pomwe, ophunzira amalumikiza pa wayifayi osawononga ndi tambala yomwe. Mavidiyo akhale aafupi kuti azitha kupatsana pa memori kadi. Sevayo ifunika sola ndi mabatire. Tonse tinaona mmene magetsi anavutira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Tsiku lachiwiri inali nkhani ya amene ali kale pantchito. Nurses and Midwives Council of Malawi imafuna mapointi a CPD (maphunziro oonjezera a amene ali pantchito) munthu asanakonzetsenso laisensi yake, ndipo namwino wa pachipatala chaching'ono akachoka kukachita maphunziro kutauni, odwala amatsala ndi munthu mmodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anationetsanso kuti malangizo atsopano amafunika kufika msanga paliponse. Apa panabuka mkangano, ena akuti maphunziro a pa foni anthu sawakonda chifukwa alibe alawansi. Ine sindikuwaweruza: amene akugula bandulo ndi ndalama ya ndiwo kuti aphunzire za ntchito ayenera kubwezeredwa. Tinabalalika tisanagwirizane chimodzi.

Pali ziwiri zimene ndinauzidwa kuti ndisaiwale. Zithunzi za odwala, zilonda, ngakhale mafayilo oonetsa dzina, zisamaponyedwe m'magulu a WhatsApp a kalasi. Chinsinsi cha wodwala tinachilumbirira, ndipo tsopano kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024. Chinanso ndi ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yoyankha mafunso. Ophunzira akuigwiritsa kale ntchito, enanso anavomera pamaso pathu. Kuwaletsa sitingathe, koma tiwaumirize kuti mlingo uliwonse wa mankhwala azikautsimikiza mu Malawi Standard Treatment Guidelines, buku la boma la kaperekedwe ka mankhwala, chifukwa makinawa amayankha molimba mtima ngakhale pamene alakwitsa.

Pempho langa n'lakuti tisadikire thandizo lakunja kuti tiyambe. Foni yojambulira tili nayo, zidole zili mu skills lab, chipinda choyeserera ntchito. Tikakumana Lachisanu tisankhe mitu itatu yoyambira. Ine ndikuganiza za kutsitsimula mwana, kulemba patogirafu (tchati cholondolera mmene kubereka kukuyendera) ndi kuika kanyula (kapaipi kolowetsa mumtsempha), ndipo wa patogirafu ndadzipereka kuukonza ndekha. Mawu olankhula ndi wodwala m'mavidiyomo akhale a Chichewa, monga zimakhalira kuwodi. Lachisanu lisanafike, aphunzitsi a makalasi atiwerengere ophunzira amene alibe foni yotha kuonetsa vidiyo, kuti tidziwe oyenera kuwapatsa mpata woyamba mu labu ya makompyuta.

Ine mthumwi wanu.