Otilemba mayina atisiyireko theka lathu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za kalembera yemwe wachuluka kuno ku Angónia. Masiku ano aliyense wobwera pagalimoto akufuna dzina lako, nambala ya chiphaso cha BI, nambala ya foni, kukula kwa munda, penanso ndi chidindo cha chala. Alangizi a fodya akulemba, amabungwe akulemba, akuchipatala nawo akulemba. Kale ankabwera ndi kope, lero ndi tabuleti. Akamaliza amatseka chikwama n'kumapita, wolembedwa uja n'kutsala chimanjamanja, osadziwa n'komwe ngati munda wake aulemba mahekitala awiri kapena asanu.

Ndani asunge zolembedwa za anthu, ndani aloledwe kuziona, ndani azikonze zikalakwika: mafunsowa ambiri amawayesa achilendo, obwera ndi makompyuta. Ine ndinakalambira pa mabuku a ndalama m'sitolo ya zipangizo zaulimi, ndipo ndikuti ndi mafunso akalekale. Anthu osunga chuma analimbana nawo magetsi asanabwere.

Ndi chumacho chomwe chinabala kulemba. Timapale tadothi tomwe anafukula ku Uruk, m'dziko la Iraq la lero, ta zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, tambiri timangonena za balere, ziweto ndi phoso la antchito. Koma chomwe ine chimandigwira mtima ndi kamtengo ka boma la England. Munthu akapereka ndalama, ankasema timipata pakamtengo molingana ndi kuchuluka kwa ndalamazo, kenaka n'kukang'amba pakati m'litali mwake. Theka lina linkapita ndi woperekayo, lina linkatsala kuboma. Tsiku lowerengera ankalumikiza matheka awiriwo, ndipo wowonjezera kampata kumbali yake ankagwidwa pomwepo, chifukwa kumbali inayo kulibe. Anagwiritsa ntchito njirayi mpaka 1826. Milu ya timitengo takale ataiponya m'ng'anjo mu 1834, moto unalusa mpaka kutentha nyumba yawo ya malamulo, koma iyo ndi nkhani ina.

Mu 1494 ku Venice, katswiri wa masamu Luca Pacioli anasindikiza m'buku lake njira yomwe amalonda akumeneko ankatsata kale: ndalama iliyonse ilembedwe kawiri, komwe yachokera ndi komwe yapita, ndipo mbali ziwirizo ukaziwonkhetsa zifanane. Zikasiyana, penapake palakwika, fufuza. Akuluakulu omwe anaphunzira m'nthawi ya Apwitikizi akukumbuka prova dos nove, yotsimikizira ngati samu yalondola. Nzeru yomweyo ili pa khadi la kubanki. Nambala yomaliza imachokera pa kuwerengera zinzake zija, mwa njira ya Hans Peter Luhn wa ku kampani ya makompyuta ya IBM, ndiye ukaphonya nambala imodzi makina amakana.

Masamuwo amagwira dzanja lomwe laterereka, koma wabodza wochenjera samugwira. Amene akufuna kuba amatha kufananitsa mbali zonse ziwiri bwinobwino ngati buku lili m'manja mwake yekha. N'chifukwa chake alembi a chuma anawonjezapo malamulo ena, okhudza anthu osati manambala. Wolandira ndalama asakhale yemweyo wolemba. Wolemba asadzifufuze yekha. Cholakwika chisafufutidwe, koma chikonzedwe pamzere wina pomwe pali tsiku ndi siginecha, kuti wobwera m'mbuyo aone zomwe zinalipo poyamba.

Ife a ku Mozambique tinalawa kale zomwe zimachitika malamulowa akalumphidwa. Ngongole za makampani a boma a Ematum, ProIndicus ndi MAM, pafupifupi madola 2 biliyoni, zinatengedwa mu 2013 ndi 2014 boma litaikapo chikole Nyumba ya Malamulo isanavomereze. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, metikali inagwa, ndipo mtengo wa mafuta ophikira ndi sopo pamsika wa Ulongué unatiuza zotsalazo. Makompyuta ku Maputo analipo. Chomwe chinasowa ndi munthu wachiwiri wololedwa kuona buku.

Chodabwitsa n'chakuti amayi a m'magulu osunga ndalama m'midzi mwathu muno amazitsata izi mosaphonya. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akumva, ndipo membala aliyense ali ndi kabuku kake kodindidwa. Ena mwa iwo sukulu sanapite nayo patali. Nanga kampani yaikulu kapena ofesi ya boma ikanike bwanji?

Taganizirani mlimi wa fodya wa ku Macanga kapena Chifunde. Watenga feteleza ndi mbewu pangongole, adzamudula akadzagulitsa mabelo ake. Tabuleti ikanena kuti anatenga matumba anayi pomwe iye anasenza atatu, adzaonetsa chiyani? Mawu ake okha sangalimbane ndi makina. Palinso vuto la kalembedwe ka mayina kuno kumalire. Mlembi wina alemba Mwale, wina alemba Muale mwa Chipwitikizi, basi munthu mmodzi wasanduka awiri, kapena wasowa pamndandanda tsiku lolandira. Wina akamwalira dzina lake limatsalabe, ndipo pamakhala wina wodyerapo. Boma lenilenilo linachita kuyambitsa prova de vida, yotsimikizira kuti munthu akadali moyo, kwa antchito ake pofuna kuchotsa mayina a mizukwa pamndandanda wa malipiro.

Anthu akamazengereza kulembetsa tisafulumire kuwanena kuti ndi osazindikira. Agogo athu ankadziwa kuti dzina likalowa m'kaundula wa mtsamunda, chotsatira ndi msonkho ndi chibalo, ndipo ambiri anawolokera ku Nyasaland chifukwa cha zimenezo. Mantha amenewo amatha munthu akamaona zomwe zalembedwa za iye.

Ufuluwo tili nawo kale papepala. Ndime 71 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa munthu ufulu woona zomwe zasungidwa zokhudza iye ndi kuzikonzetsa, komanso imaletsa kusunga pakompyuta za chipembedzo kapena chipani cha munthu momuloza dzina. Koma kumudzi ufuluwu ukaupeza pakhomo liti, kwa yani?

Pempho langa kwa onse otilemba si lovuta. Mukatumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, uthenga umafika kwa wotumiza ndi wolandira yemwe, nambala yake imodzimodzi. Chitani chomwecho: mukamaliza kulemba, mlimi alandire uthenga pafoni kapena kapepala kodindidwa, m'Chinyanja, konena zomwe mwalemba. Mndandanda wa olandira thandizo uwerengedwe mokweza pabwalo la amfumu usanapite kuboma. Ndipo pakapepalapo palembedwe ofesi yomwe munthu angapite kukakonzetsa, ndi masiku omwe imatsegula, poti wochokera ku Dómue sangalipire thiransipoti kawiri chifukwa cha chilembo chimodzi.

Ine wowerenga wanu,
Mlembi wa chuma wopuma,
Ulongué, Angónia