Ana a sekondale atuluke m'kalasi akaone okha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa maulendo a ana athu a sekondale. Mwana wanga wa Folomu 3 amachezera usiku kuloweza za mvula ya m'mapiri, chikhalirecho phiri la Mulanje timaliona tili pakhonde. Nditamufunsa chifukwa chake tiyi amachita bwino kuno pamene ku Phalombe, kuseri kwa phiri lomweli, kumakhala kouma, anangoti kukamwa yasa.

Chaka chatha makolofe tinasonkha ndalama za ulendo wa Jogalafe, koma unathera kunyanja kokasamba ndi kujambulitsa. Bwanji osapita nawo ku Likhubula, akaone mmene madzi anakumbira mwala pa Dziwe la Nkhalamba? Sindikunena zokwera Sapitwa, mamita 3,002 si masewera. Ali m'munsi momwemo angaone zipsera za zigumukire za namondwe wa Freddy wa 2023, n'kuyerekeza malo odulidwa mitengo ndi amene nkhalango idakalipo.

Za kukhoti ndiye musanene. Khoti la majisitireti lili pa boma pomwepa, ndipo milandu yambiri imazengedwa poyera. Mwana atakhala pabenchi m'mawa umodzi wokha, kumva wapolisi woimira boma akuwerenga mlandu, womasulira akutembenuza Chingerezi, woimbidwa mlandu akufunsa mboni, angasiye kuganiza kuti wotuluka pa belo ndiye kuti wadyetsa munthu chibanzi.

Aphunzitsi aakulu, kalata imodzi kwa kalaliki wa khoti ndi yokwanira. Ena mwa ana angapite wapansi, kapena panjinga za kabaza.

Kholo lodandaula,
Chitakale, Mulanje