Kalata kwa bwenzi yofotokoza mmene ma antibody a mbewa amakhwimira

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata yanu ndinailandira, ndipo funso limene ophunzira anu a sayansi anakufunsani, lakuti thupi limatha bwanji kupanga ma antibody olimbana ndi kachirombo kamene silinakumanepo nako, ndi funso lomwe lili pamtima pa ntchito yathu kuno ku labotale. Ndikuyankhani potengera mbewa, popeza zambiri zimene tikudziwa pa nkhaniyi zinapezeka mwa mbewa.

Antibody ndi puloteni yopangidwa ndi maselo otchedwa B, ndipo ntchito yake ndi kugwira chinthu chachilendo chimene chalowa m'thupi. Chimene chinazunguza akatswiri kwa zaka zambiri ndi chakuti mbewa imatha kupanga mitundu ya ma antibody yochuluka kwambiri kuposa ma gene onse amene ili nawo. Yankho linabwera mu 1976, pamene Susumu Tonegawa ndi Nobumichi Hozumi, akugwira ntchito ku Basel m'dziko la Switzerland, anayerekeza DNA ya mwana wa mbewa amene asanabadwe ndi DNA ya maselo opanga ma antibody, n'kupeza kuti zidutswa zimene zinali zotalikirana mwa mwanayo zinali zitalumikizidwa m'maselo enawo. Tonegawa analandira mphoto ya Nobel mu 1987 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Tanthauzo lake ndi lakuti gene ya antibody sibadwa yathunthu. Selo iliyonse ya B ikamakula m'mafuta a m'mafupa, imadula DNA yake n'kulumikiza chidutswa chimodzi cha V, chimodzi cha D ndi chimodzi cha J kuti ipange gawo lalikulu la antibody, ndiponso V ndi J zina kuti ipange gawo laling'ono. Pa chromosome 12 ya mbewa (chromosome ndi chingwe chachitali cha DNA chokhala ndi ma gene ambiri) pali zidutswa za V zoposa 100 ndi za J zokwana 4, ndipo pamalo olumikizira pamachotsedwa kapena kuwonjezedwa zilembo zingapo za DNA mwachisawawa. Choncho mbewa imakhala ndi maselo a B miyandamiyanda, iliyonse ndi antibody yakeyake, matenda asanafike n'komwe.

Koma apa m'pamene ndikufuna muchedwepo ndi ophunzira anu, chifukwa mabuku ambiri amathera pa kulumikiza zidutswaku ngati kuti nkhani yatha. Antibody yongopangidwa kumene kawirikawiri imagwira mofooka. Ili ngati khasu logwedera pa mpini, loti mukhoza kulimira ndithu, koma limaguluka msanga. Mphamvu yogwira imabwera pambuyo pake, ndipo imabwera kudzera m'kusintha kwa zilembo za gene ija.

Zimenezi zinaoneka bwino m'zaka za m'ma 1980 ku Cambridge, pamene César Milstein, Claudia Berek ndi anzawo ankabaya mbewa mankhwala otchedwa oxazolone, n'kumawerenga ma gene a ma antibody pa nthawi zosiyanasiyana. Patangotha sabata imodzi, ma gene anali pafupifupi monga mbewa inabadwira nawo. Patatha masabata awiri, zilembo zina zinali zitasintha, kusinthako kunkabwerezedwa pamalo omwewomwewo m'maselo osiyanasiyana, ndipo ma antibody ankagwira mwamphamvu kuposa poyamba.

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda kwambiri chinachokera ku gulu la Klaus Rajewsky ku Cologne m'dziko la Germany. Mbewa zakuda za mtundu wa C57BL/6 zikabayidwa kamankhwala kotchedwa NP, maselo ambiri amene amayankha amagwiritsa ntchito chidutswa chimodzi cha V chotchedwa VH186.2, pamodzi ndi gawo laling'ono la mtundu wa lambda. Zimenezi pazokha n'zodabwitsa, chifukwa mwa ma antibody 100 alionse a mbewa, pafupifupi 95 amakhala ndi gawo laling'ono la mtundu wa kappa, osati lambda. Tsono mu 1988 gululi linasonyeza kuti pamalo a nambala 33 a gawo lalikulu, amino acid (kachidutswa komangira puloteni) yotchedwa tryptophan ikalowedwa m'malo ndi leucine, antibody imagwira NP mwamphamvu pafupifupi kakhumi kuposa kale. Chilembo chimodzi chokha cha DNA ndicho chimabweretsa kusiyana konseku. Mukabaya mbewa khumi za mtunduwu, m'mbewa zambiri mudzapeza kusintha komweku kutatulukira pakokha, popanda mbewa ina kutengera kwa inzake.

Ndikuona kuti chitsanzochi chikuphunzitsa zinthu ziwiri pamodzi. Chidutswa chimene mbewa inatengera kwa makolo ake ndicho chimaika poyambira ndi njira zimene zingatheke, n'chifukwa chake mbewa za mitundu ina, zokhala ndi zidutswa za V zosiyana, siziyankha NP mofanana ndi C57BL/6. Koma kufika pa kugwira kwamphamvu kumadalira kusintha kochitika m'moyo wa mbewayo, kumene sikupita kwa ana ake.

Malo amene izi zimachitikira amatchedwa germinal centre, ndipo amapangika m'kapamba ndi m'timabere ta m'thupi, tomwe tija timatupa n'kukhala mwanabere munthu akakhala ndi bala kuphazi. Mwezi watha ndinadula kapamba wa mbewa imene tinaibaya masiku khumi m'mbuyomo, kachiwalo kofiira kosakwana kutalika kwa chala chaching'ono. Titapaka mankhwala oonetsa maselo n'kuyang'ana pa maikulosikopu, tinaona timagulu tozungulira tili mbuu pakati pa maselo ena, kagulu kalikonse kali ndi mbali imodzi yothinana ndi ina yotakasuka. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali ndisanaitane anzanga, chifukwa chinthu chimene ndinkangochiwerenga chinali pamaso panga. Mu 1991 akatswiri anatola maselo m'timagulu totere m'kapamba wa mbewa, n'kutsimikiza kuti kusintha kwa zilembo kumachitikira mommo.

Kumbali yothinanayo maselo a B amagawikana mofulumira kwambiri, ndipo puloteni yotchedwa AID imasintha zilembo m'chigawo cha gene chimene chimapanga malo ogwirira. AID inapezedwa ku Kyoto m'dziko la Japan ndi gulu la Tasuku Honjo mu 1999, ndipo chaka chotsatira anasonyeza kuti mbewa zopanda AID sizitha kusintha ma gene a ma antibody motere. Liwiro lake ndi pafupifupi chilembo chimodzi pa zilembo 1,000 zilizonse nthawi iliyonse selo ikagawikana, zomwe n'zochuluka pafupifupi kamiliyoni kuposa mmene DNA imasinthira kwina konse m'thupi.

Chonde musalole ophunzira aganize kuti selo imadziwa chilembo choyenera kusintha, chifukwa apa m'pamene ambiri amasokonezekera. AID imasintha mosaona. Kusintha kwambiri sikuthandiza kalikonse, kwina kumafooketsa antibody, ndipo kwina kumaiwonongeratu. Kusankha kumachitikira kumbali yotakasuka ija, kumene maselo a B amalimbirana chinthu chachilendo chija, chomwe chimakhala chochepa ndithu. Selo imene antibody yake ikugwira mwamphamvu imatola chochuluka, n'kuchionetsa kwa maselo ena oteteza thupi otchedwa T, ndipo maselo a T amaipatsa chizindikiro choti ikhale ndi moyo n'kubwerera kukagawikananso. Yosalandira chizindikirocho imafa. Gabriel Victora ndi Michel Nussenzweig a ku Rockefeller University ku New York anaonetsa mu 2010, poyang'ana maselo akuyenda m'thupi la mbewa yamoyo, kuti thandizo la maselo a T ndilo limalamula kuti ndi selo iti ibwerere. Ulendo wopita ndi kubwererawu umachitika kambirimbiri kwa masabata angapo, ndipo maselo ochuluka zedi amafera m'njira kuti ochepa ogwira bwino atsale.

Ophunzira akafunsa chifukwa chake akatemera ena amaperekedwa kangapo motalikirana, mukhoza kuyambira pano, powauza kuti mpikisanowu umafuna nthawi, ndiponso kuti maselo opulumuka ena amakhala nthawi yaitali akudikira kuti chinthucho chibwerenso. Ndikutumizirani chithunzi cha kapamba uja pa foni kuti muwaonetse mbali ziwiri zija ndi maso awo, ndipo mundiuze mafunso amene adzafunse akachiona.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ine bwenzi lanu.